Kubetcha pa akamvuluvulu: zomwe ndinaona pa Kalshi

Ndimakhala ku Oklahoma, ku America, kumene kamvuluvulu si kaja kotola zinyalala pabwalo kwathu. Kuno amati tornado, ndipo kamasasula denga n'kunyamula galimoto. Mnzanga wakuntchito atandiuza kuti pa Kalshi, pulogalamu yobetcherana zinthu zimene zingachitike, anthu amabetcherana kuchuluka kwa akamvuluvulu pa mwezi, ndinati akunama.

Si bodza. Funso limakhala loti kodi chiwerengero chidutsa nambala yakutiyakuti, ndiye umagula "inde" kapena "ayi". Mtengo umayambira pa senti 1 kufika 99, ukalondola amakupatsa dola imodzi. Chimene chinandigwira mtima n'choti ungagulitse gawo lako mwezi usanathe, osadikira mluzu womaliza ngati kubetcha mpira. Kampaniyi imayang'aniridwa ndi bungwe la boma la America loona za misika yotereyi, la CFTC, choncho mtima unali m'malo.

Ndinaikapo madola 20 mu Meyi, poti ku America kumagwa akamvuluvulu pafupifupi 1,200 pachaka, ambiri kuyambira Epulo mpaka Juni. Kupusa kwanga, malamulo sindinawerenge bwinobwino. Kalshi imatsata nambala zoyambirira za Storm Prediction Center, ofesi ya boma yoona zanyengo ya mumzinda wa Norman kuno ku Oklahoma, zomwe zimachokera ku malipoti, ndipo kamvuluvulu mmodzi anthu awiri atha kumunena kawiri. Ine ndinkangowerenga za pa TV. Ndalama zinapita.

Koma chinanditayitsa mtima si ndalamazo ayi. Usiku wina masairini ochenjeza za kamvuluvulu akulira, ana ndawabisa m'bafa ndi matiresi pamutu, ndinadzipeza ndikusuzumira pafoni kuona ngati mtengo wakwera. Mayi a kunyumba anandiyang'ana osanena kanthu. Pulogalamuyo imayenda bwino, koma m'mawa mwake ndinaichotsa.