Mjigo wathu wa Afridev patatha miyezi 14

Mu Seputembala chaka chatha, cha 2023, ndinalemba za mjigo umene bungwe lina linatikumbira kuno kumudzi, chakumadzulo kwa msewu wa M1, pakati pa Lunzu ndi Lirangwe. Nthawi imeneyo unali utangotha milungu itatu, simenti ikadali mbuu, ndipo ndinauyamikira ndi mtima wonse: madzi oyera, opanda mchere, mkono wake wopepuka moti mwana wa Sitandade 4 ankadzaza ndowa yekha. Angapo munandipempha kuti ndidzanenenso pakapita nthawi. Tsopano miyezi yakwana 14. Tawoloka nawo dzinja limodzi ndipo chino n'chilimwe chachiwiri. Ine ndine msungichuma wa komiti ya mjigowu, kope la ndalama limagona m'nyumba mwanga, ndiye zambiri ndikunenazi ndaziona ndi maso.

Kwa amene simunawerenge poyamba paja, ife tinkamwa madzi ofukula mumchenga kukhwawa, ena pachitsime chosaphimba cha kudimba. Kolera ija inayamba mu 2022 n'kupitirira mpaka 2023, imene inatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno, sitinaimve pawailesi pokha ayi. Tinanyamulapo odwala usiku, wina atagwirizira kumbuyo kwa njinga yamoto. Kenako mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa zimbudzi zambiri m'mudzi muno, zonyansa zonse n'kukokolokera komwe tinkatunga. Mjigo utabwera mu Ogasiti, amayi anavina mpaka dzuwa kulowa.

Ndiyambe ndi chimene sichinasinthe. Madzi akadali okoma, ndipo nsima yake siida ngati kale. M'nyumba mwanga, mwana wotsiriza amene mwezi sunkatha osatsegula m'mimba, chaka chino wadwala malungo kawiri basi, zam'mimba ayi. Atsikana anga salawiriranso m'bandakucha kupita kukhwawa, amafika kusukulu belu lisanalire. Zimenezi zokha n'zokwanira kuti ndinene kuti mjigowu ndi chinthu chabwino koposa chimene mudzi uno walandira chibadwire ine.

Koma chimene sindinkadziwa polemba koyamba n'chakuti mjigo umadwala pang'onopang'ono, ndipo umanena wokha ukayamba kudwala.

Unali mwezi wachisanu ndi chiwiri. Gogo wina woyandikana nafe, amene amakhala woyamba kutunga tsiku lililonse, anandipeza ndikusesa pakhomo.

"Mayi a ndalama, mjigo wanu uja watopa. Lero ndapopa kakhumi madzi osabwera."

"Mwina n'kuzizira, Gogo."

"Kuzizira kwa Malichi? Pitani mukaone nokha, mwanangu."

Ndinapita mawa lake kusanache. Zinalidi choncho. Poyamba ndowa ya malita 20 inkadzadza tikapopa pafupifupi ka 50, tsopano mpaka ka 80, mkono ukumveka wopepuka mopanda pake ngati ukupopa mphepo. Ife a komiti tinangoyang'anizana, chifukwa maphunziro amene anatilonjeza potipatsa mjigo anali asanachitike. Anatisiyira sipanala imodzi ndi kachitsulo kokowera, koma palibe amene ankadziwa kuti n'zotani. Apa ndiye pamene ndikuwadandaula amene anatikumbirawo. Ntchito yokumba anaigwira bwino, koma kusiya mjigo m'manja mwa anthu khumi osaphunzitsidwa kwa miyezi isanu ndi iwiri kunali kuuika pangozi.

Tinaitana makaniko wa m'dera lathu, bambo wachikulire woyenda panjinga yakapalasa, chikwama cha zida kumbuyo. Iye sanafune kugwira yekha. Anati, "Amayi, bwerani pafupi, mawa ine kulibe." Anamasula chivundikiro ndi sipanala ija, n'kuchotsa mkono, ndipo tinayamba kuzula ndodo zachitsulo imodziimodzi. Ndodo za Afridev zimangokolana, ngowe kulowa m'diso la inzake, sizifuna kumasula ndi chida. Tinaziyala pa matabwa kuti zisagunde dothi, amayi atatu akuzitsuka ndi madzi a klorini. Kumapeto kwa ndodo yomaliza kunatuluka kachipulasitiki koyera kamene kamakweza madzi, ndipo pamenepo anationetsa kalabala kozungulira kotchedwa U-seal. Kanali katadyeka mbali imodzi mpaka kupyapyala ngati chikopa cha anyezi. Ndinakaika pachikhatho, sikanadzadze n'komwe dzanja. Kanthu kameneko ndi kamene kanatsala pang'ono kubwezera mudzi wonse kukhwawa.

Kenako anakowa valavu ya pansi penipeni n'kutionetsa timalabala take tiwiri, O-ring ndi bobbin. Anafotokoza kuti zimenezi zikatha, madzi amene atsala m'mapaipi amabwerera pansi usiku, n'chifukwa chake woyamba kutunga m'mawa amapopa nthawi yaitali. Gogo uja anali ataona zoona. Kumutu kwa mjigo kuli mabushi apulasitiki amene mkono umazungulirapo, ndipo akatha mkono umayamba kugwedera uku ndi uku n'kumalira, ukawalekerera chitsulo chimadya chitsulo chinzake ndipo ndalama yake imakhala ina. Makaniko anatiuzanso kuti mtundu wa mjigo umenewu mbiri yake inayambira konkuno ku Malawi m'zaka za m'ma 1980, pamene unkatchedwa Maldev, n'kukaukonzanso bwino ku Kenya, ndipo cholinga chinali chakuti anthu akumudzi azitha kuusamalira okha. Ndinamva kukoma mumtima. Pofika masana madzi anali akutuluka, ndipo ulendo wachiwiri, mu Ogasiti, tinasintha malabala tokha amayi anayi ndi mnyamata mmodzi. Chimene sitingathe ndi mapaipi a PVC, amene amamatidwa ndi guluu. Amenewo akang'aluka pamafunika makaniko ndithu.

Chenjezo limodzi kwa anzanga a makomiti ena. Malabala oyamba amene tinagula pa sitolo ina anali otsika mtengo, ooneka bwinobwino, koma U-seal yake inatha miyezi isanu yokha. Tsopano tikamapita kogula timatenga chakale m'thumba, kuyerekeza kulimba kwake, ndipo tikapanda kukhutira timalolera kulipira minibasi mpaka ku Limbe.

Nkhani ya ndalama ndiyo yandionetsa zambiri. Tinagwirizana pamaso pa amfumu kuti khomo lililonse lizipereka K500 pamwezi. Miyezi itatu yoyamba anthu ankabweretsa okha. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mitengo ya zipangizo n'kukwera nthawi yomweyo, pamene K500 yathu inali yomweyo. Mvula nayo inadula pakati pa dzinja chifukwa cha El Niño, chimanga n'kupserera chisanabereke, mpaka boma linalengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Munthu amene wagona ndi madeya ungamuuze bwanji za ndalama ya mjigo? Ndinkayenda ndi kope khomo ndi khomo, ena akandiona patali ankalowa m'nyumba, ndipo zinkandipweteka chifukwa ndi anthu amene timapemphera limodzi.

Tinakhala pansi n'kusintha. Okalamba ndi amasiye osowa owathandiza sapereka. Amene alibe ndalama mwezi umenewo amasesa ndi kupalira pamjigo, kapena kubweretsa mchenga ndi miyala. Amene amafuna kulipiriratu atakolola nandolo amaloledwa. Ndipo Lamlungu loyamba la mwezi, tikaweruka kutchalitchi, ndimawerenga poyera zolowa ndi zotuluka, malisiti ali m'manja. Chiyambire kuchita zimenezi manong'onong'o aja akuti a komiti akudya ndalama anatha, ndipo opereka achuluka. Ena amafuna kuti ndalamazi tiziziika ku banki mkhonde kuti ziswane. Ine ndinakana ndipo ndikukanabe. Mjigo ukafa Lachiwiri sudikira tsiku logawana.

Walira mvula walira matope, ndipo ife matope tinawaona. Ngalande imene anatimangira inali yaifupi, dzenje lomwera madzi otayika linali losaya, ndiye pofika Januwale panali chithaphwi chobiriwira, nkhumba zikugudubuka, udzudzu uli ng'waa madzulo. Simenti nayo inang'aluka pakona imodzi. Alangizi a zaumoyo atabwera anatiuza mosabisa kuti madzi oipa akhoza kulowa pamng'alupo n'kutsikira m'chitsime. Tinamata ndi thumba limodzi la simenti, anyamata anakumba dzenje lakuya n'kudzazamo miyala, tinatalikitsa ngalande n'kubzala nthochi kumapeto kwake, ndipo tinamanga mpanda wa nsungwi. Mbuzi zimalowabe wina akasiya chitseko chotsegula.

Alangizi omwewo anandichititsa manyazi pang'ono tsiku lina, ndipo ndikuwathokoza. Anapempha madzi akumwa kwathu, n'kuyang'ana mumtsuko. Kapu imene ana amamwera ndi yomwe ankatungira. Anati, "Mayi, madzi amachoka pamjigo ali abwino, amadzaipira m'nyumba." Kuyambira pamenepo ndili ndi kapu ziwiri, mtsuko ndi wovundikira, ndipo m'dzinja timathira klorini amene amagawa ngakhale madziwo ndi apamjigo. Masamba aja timaika pamwamba pa ndowa kuti madzi asatayike posenza nawonso tinasiya.

Vuto lalikulu limene tili nalo pano ndi kuchuluka kwa anthu. Muyezo wa boma ndi wakuti mjigo umodzi uzitumikira anthu 250, ndipo munthu asayende mtunda woposa mamita 500. Ife tokha tinali pafupi ndi chiwerengero chimenecho. Koma mjigo wa mudzi woyandikana nafe unafa mu Juni, ndiye onse akubwera kwathu, ena ndi zigubu zisanu ndi chimodzi panjinga. Oumba njerwa nawo anayamba kubwera usiku ndi migolo. Mwezi uno wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mzere wa ndowa umayamba 4 koloko m'mawa, ndipo pofika masana madzi amayamba kutuluka modukizaduka, nthawi zina ndi timchenga. Tikaupumitsa ola limodzi amabweranso. Makaniko akuti madzi apansi atsika chifukwa cha mvula yochepa ija, ndipo tikuwapopa mofulumira kuposa momwe akusonkhanira.

Tayamba kutseka ndi loko kuyambira 12 koloko mpaka 2 koloko masana, komanso usiku. Oumba njerwa tawaletsa, amfumu atagamula okha. Koma za anthu a mudzi winawo komiti inagawanika. Wapampando wathu ankati azilipira kawiri kapena asabwere. Ine mtima sunalole. Mayi amene wabereka mwana kumbuyo, wayenda mtunda wonsewo dzuwa lili pamutu, ndingamubweze ndi ndowa youma kuti akamwe kukhwawa komwe ife tinathawa? Ana awo amaphunzira ndi ana athu, pamaliro timadyera mbale imodzi. Kolera ikabuka kwawo, kwathu ifika tsiku lomwelo.

Munthu atandifunsa ngati Afridev ndi mjigo woyenera mudzi ngati wathu, ndiyankha kuti inde, mosakayika. M'miyezi 14 wangoima masiku atatu, ndipo awiri mwa amenewo tinkadikira zipangizo. Chimene ndingawauze amene akuyembekeza kulandira wawo n'chakuti asalole mwambo wopereka mjigo komiti isanaphunzitsidwe, ndipo apemphe pepala lolembapo kuya kwa chitsime, chiwerengero cha ndodo ndi mapaipi, ndi zotsatira za kuyeza madzi. Ife pepala limenelo tilibe, ndodo tinachita kuwerenga tokha tsiku lozula lija, n'kulemba kuchikuto kwa kope langa.

Sabata yatha makaniko anakaona mjigo wa anzathu aja. Wapeza kuti paipi imodzi inang'aluka ndipo malabala onse anatha, chitsime chenichenicho n'chabwinobwino. Miyezi inayi anthu akuvutika chifukwa cha paipi imodzi, komiti yawo inabalalika kalekale ndipo m'thumba mulibe kanthu. Amfumu athu atumiza uthenga kwa amfumu anzawo, ndipo Loweruka lino tikumana pansi pa mtengo wa mango wa pasukulu. Ine ndikukapempha kuti tiwabwereke theka la ndalama ya paipiyo kuchokera m'thumba lathu, adzabweze akakolola, ndiponso kuti amayi anayi amene tinaphunzira kuzula ndodo tikawaonetse anzathu momwe amachitira. Wapampando sanavomerebe. Ndamuuza kuti ndibwera ndi kope, aone yekha kuti chiyambire Juni tasintha mabushi kawiri.