PIP ku Britain: ndalama zothandiza olumala, koma fomu yake imagwetsa ambiri

PIP, yomwe dzina lake lonse ndi Personal Independence Payment, ndi ndalama zomwe boma la Britain limapereka kwa anthu olumala ndi odwala matenda okhalitsa, kuyambira zaka 16 mpaka msinkhu wolandira penshoni ya boma. Inayamba mu 2013, ndipo ku England ndi ku Wales imayendetsedwa ndi DWP, nthambi ya boma yoona za ntchito ndi mapenshoni. Ku Scotland kuli ina yofanana nayo, Adult Disability Payment. Kwa ife, ndalama zake n'zothandiza ndithu ndipo malamulo ake ali ndi chilungamo, koma njira yofikira ku ndalamazo ndi yotopetsa, ndipo amene amavutika nayo kwambiri ndi munthu wofatsa, wosazolowera kudandaula.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Safunsa za malipiro anu kapena ndalama zomwe muli nazo kubanki, mukhoza kulandira uku mukugwira ntchito, ndipo sadula msonkho. Ili ndi magawo awiri: la ntchito za tsiku ndi tsiku, ndi la kayendedwe. M'chaka cha 2025/26 gawo loyamba linali £73.90 (mlingo wotsika) kapena £110.40 (mlingo wokwera) pa sabata, lachiwiri £29.20 kapena £77.05, ndipo ndalama zimalowa kubanki masabata anayi aliwonse. Vuto lanu liyenera kukhala loti latha miyezi itatu ndipo lipitirira miyezi ina 9.

Musanaimbe foni, onani kaye mapepala anu okhalira m'dzikomo. PIP ili m'gulu la ndalama za boma zomwe anthu a viza yolembedwa "no recourse to public funds" saloledwa kulandira, ndipo Amalawi ambiri omwe anabwera kudzagwira ntchito yosamalira okalamba kapena kudzaphunzira ali pa viza yotere. Kupempha muli pamenepo kungakuonongereni mapepala. Kwa omwe ali ndi chilolezo chokhaliratu kapena unzika, chofunika n'kukhala m'dzikomo zaka ziwiri mwa zitatu zapitazi.

Poyambira ndi foni ya ku DWP, muli ndi nambala ya National Insurance, akaunti ya kubanki ndi adiresi ya dokotala wanu. Musazengereze, chifukwa mukavomerezedwa ndalama amawerengera kuyambira tsiku lomwe munayamba pempho. Kenaka imabwera fomu ya PIP2, yoti muibweze pasanathe mwezi umodzi. Mukaona kuti nthawi ichepa, imbani tsikulo lisanakwane, amaonjezera.

Fomu imeneyi ndiye mwini nkhani. PIP salipira dzina la matenda. Sitiroko, khunyu, shuga, nyamakazi kapena matenda a maganizo, pazokha sizibweretsa pointi ngakhale imodzi. Chomwe amayeza ndi mmene matendawo akukulepheretsani ntchito 10 za tsiku ndi tsiku, monga kuphika, kudya, kumwa mankhwala, kusamba, kupita kuchimbudzi, kuvala, kucheza ndi anthu ndi kusamala ndalama, komanso ntchito ziwiri za kayendedwe. Mapointi 8 pa gawo limodzi amakupatsani mlingo wotsika, 12 mlingo wokwera.

Lamulo lomwe ambiri salidziwa ndi lakuti ntchito imawerengedwa kuti mukuitha pokhapokha mukuichita popanda ngozi, moyenera, mobwereza pamene ikufunika, komanso osapitirira kawiri nthawi yomwe munthu wabwinobwino angatenge. Amayang'ananso masiku oposa theka a chaka, osati tsiku lomwe mwadzuka bwino. Tengani funso la kuphika. Sakufunsa ngati mungaphike nsima ya banja lonse. Akufunsa za chakudya chosavuta cha munthu mmodzi, chosenda ndi kudula nokha. Wolemba kuti "ndimaphika" wataya mapointi. Wolemba kuti dzanja lamanja siligwira mpeni, kuti amasendera mbatata atakhala pampando chifukwa saima mphindi zisanu, kuti mwana wake ndiye amakhetsa madzi otentha m'poto chifukwa iye anapsa nawo kale, ameneyo wapereka zoti aziyeza. Kufuna chipangizo chothandizira pophika ndi mapointi 2, kufuna munthu wokuthandizani kapena wokuyang'anirani ndi 4, kulephereratu ndi 8.

Apa m'pomwe chikhalidwe chathu chimatipweteka. Kwathu mwana kapena mpongozi akamasambitsa mayi, akamawamanga mabatani, akamawakumbutsa mankhwala, palibe amaona kuti ndi thandizo loti n'kulilemba; ndi udindo basi. Koma fomu ikufuna zimenezo. Za kuchimbudzi nazo anthu amadumpha ndi manyazi, chikhalirecho kulephera kugwira mkodzo kapena kudzipukuta kuli ndi mapointi ake. Wolembera kholo fomu afunse mwaulemu koma afunse zonse. A Citizens Advice, bungwe lopereka uphungu kwa anthu, amathandiza kulemba kwaulere, ndipo tumizani makope a makalata a kuchipatala ndi ndandanda ya mankhwala, enieniwo musunge.

Mukatumiza fomu, kawirikawiri mumayezedwa. Kuyezedwako kumachitika pamaso, pafoni kapena pavidiyo, ndipo woyeza ndi wachipatala wa kampani yomwe boma linaipatsa ntchitoyi. Pamenepa ndi pofooka pa dongosolo lonseli. Munthu amene sanakuonenipo amalemba lipoti pa kukumana kumodzi, ndipo amaona zonse: mmene mwadzukira pampando, mmene mwatsegulira chikwama, mmene mwayendera kuchokera pakhomo. Akakufunsani ngati mumapita kutchalitchi kapena kusitolo, "inde" yekha angatanthauzidwe kuti mumayenda mtunda ndipo mumacheza bwino ndi anthu. Fotokozani amene amakutengani, pomwe mumapumira, ndi mmene thupi limakhalira mawa lake. Pa kayendedwe malire ake ndi mamita 20 ndi 50, choncho yezani mtunda weniweni m'malo mongoyerekeza. Mukhoza kupita ndi munthu, kupempha womasulira, ndi kupempha pasadakhale kuti zokambiranazo zijambulidwe mawu.

Mukakanidwa, musataye mtima. Pemphani kope la lipoti la woyeza, ndipo pasanathe mwezi pemphani kuti DWP iunikenso chigamulo, zomwe amazitcha mandatory reconsideration. Gawo limeneli kawirikawiri silisintha kanthu, koma simungalidumphe. Kuchoka apo mumapanga apilo ku tribunal, bwalo loima palokha lomwe mumakhala woweruza, dokotala ndi munthu wodziwa za ulumali. Ambiri omwe nkhani zawo zimamvedwa kumeneko amapambana, ndipo izi zikuonetsa kuti zigamulo zoyamba zimalakwika mopyola muyeso. Chomvetsa chisoni n'chakuti kudikira kumatenga miyezi yambiri, munthu ali wodwala kale. Kwa amene madokotala aona kuti mwina sapyola miyezi 12, pali njira yachidule ya fomu ya SR1, yopanda kuyezedwa.

Mukalandira, PIP imatsegula zitseko zina: galimoto ya Motability (dongosolo lobwereketsa magalimoto kwa olumala) kwa a mlingo wokwera wa kayendedwe, ndi ndalama za Carer's Allowance kwa wokusamalirani maola osachepera 35 pa sabata ngati muli ndi gawo la tsiku ndi tsiku. Samalani za maulendo akumudzi. Ndalama zimapitirira mpaka masabata 13 muli kunja kwa dziko, ndipo muwadziwitse a DWP musananyamuke ulendo wautali. Mukagonekedwa m'chipatala cha boma masiku opitirira 28 zimayamba zaima, ndipo zomwe mwalandira osanena amakuuzani kuti mubweze.