Nsapato za gofu ku Joni: za misomali, za mano apulasitiki, zopanda mano kapena ma takkie?

Mlamu wanga anagula nsapato za gofu pa kaunjika wa m'tauni, uja anzathu kuno amati dunusa. Zinali zachikopa chenicheni, zoyera ndi zofiirira, zosaperepeseka n'komwe. Loweruka lake abwana ake anali atamuitana ku tsiku la gofu la kampani, ndipo ine ndinamuperekeza poti ndinanyamulapo zikwama za osewera kwa zaka zingapo ndisanapeze ntchito ina. Titangotsika m'galimoto pa kalabu ina ya kumpoto kwa mzinda, nsapato zija zinayamba kulira pa simenti: kho, kho, kho. Mtima wanga unangoti myuu. Mnyamata wa mu pro shop, sitolo ya zinthu za gofu ya pa kalabupo, anasuzumira kumapazi n'kunena mwaulemu kuti zimenezo sizilowa pa bwalo. Kunsi kwake kunali misomali yachitsulo.

Tiyambe ndi zimenezo, poti nkhani yake ndi yaifupi. Kale aliyense wosewera gofu ankavala za misomali, ndipo kunena zoona palibe nsapato ina yogwira nthaka ngati imeneyo. Koma msomali umang'amba green, malo osalala aja pomwe pali dzenje, umakanda matabwa ndi matailosi a m'nyumba ya kalabu, ndipo munthu wokoka mapazi amasiya mizere imene imapotoza mpira wa mnzake. Mano apulasitiki atabwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, makalabu anayamba kuletsa misomali mmodzimmodzi, moti lero n'kovuta kupeza bwalo la Johannesburg lolola munthu wamba kulowa nayo. Akatswiri ena a pa TV amavalabe, inde, ndipo kuyambira 2019 malamulo a gofu amalola kukonza pomwe nsapato yakanda pa green. Koma inu achimwene si katswiri wa pa TV, ndipo lamulo la kalabu silinasinthe. N'chifukwa chake nsapato zotere zimadzadza pa kaunjika ndi pa Facebook pa mtengo wokopa: eni ake anazitaya kalekale.

Mpikisano weniweni uli pakati pa ziwiri: za mano apulasitiki omasula, zomwe pa zikwangwani za makalabu amalemba kuti soft spikes, ndi zopanda mano, zimene kunsi kwake kuli timabampu ta labala tomatirira ku nsapatoyo. Zonse ziwiri n'zololedwa pafupifupi paliponse, kaya ku Royal Johannesburg, Houghton, Randpark, Glendower kapena Soweto Country Club ya ku Pimville. Ndiye funso si lakuti akulolani ndi ziti. Funso n'lakuti mumasewera liti, ndipo mumafika bwanji ku bwalo.

Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo nyengo yake ili pawiri ngati kwathu. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi mvula imakonda kugwa masana, ya mabingu ndi ziphaliwali, mpaka makalabu amaliza sailini kuti aliyense athawire pamalo otetezeka. M'mawa wotsatira udzu wa kikuyu, umene uli pa mabwalo ambiri kuno, umakhala wonenepa, wonyowa ndi woterera. Apa m'pamene za mano zimaonetsa ukatswiri wake. Pomenya mpira thupi lonse limapotokola, ndipo phazi likangoterereka pang'ono, mpira wapita kutchire. Mano aja amaluma m'udzu, makamaka mukaima pa chitunda kapena m'mbali mwa dzenje la mchenga. Ubwino wina ndi wakuti akatha mumangomasula n'kuika ena, nsapato n'kubwerera mwakale. Chenjerani pogula mano atsopano: mamangidwe ake ndi osiyanasiyana, pali Fast Twist, pali PINS, pali Q-Lok, ndipo a mtundu wina salowa pa nsapato ya mtundu wina. Nyamulani nsapato imodzi popita ku sitolo, musadalire maso.

Kuipa kwa za mano kumaonekera kunja kwa bwalo. Simungayende nazo pa phula kuchokera ku renki ya ma taxi, zimatha msanga ndipo pa matailosi onyowa zimaterera ngati mwaponda therere. Ndiye zimafuna chikwama chakechake, ndi nsapato zina zoyendera. Kwa mwini galimoto zimenezi si nkhani, amangoponya m'buti. Kwa ife okwera ma taxi awiri kuti tikafike ku mabwalo a gofu a ku Linksfield, uli ndi chikwama cha ndodo kale pamsana, ndi katundu wowonjezera.

Zopanda mano zinatchuka mu 2010, katswiri wa ku America Fred Couples atasewera mpikisano wa Masters atavala za Ecco zooneka ngati zoyendera m'tauni. Anthu anaseka poyamba, kenako aliyense anazifuna. Izi mumavala kunyumba ku Rosettenville kapena ku Cosmo City, kukwera nazo taxi, kusewera maenje onse 18 a pa bwalo, kulowa nazo mu bala, n'kubwerera. N'zopepuka, ndipo poti maenje 18 ndi ulendo wa makilomita 8 mpaka 10 wapansi, mapazi amathokoza. M'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene kikuyu wauma n'kufiira ndipo nthaka yalimba gwa, ine ndimaona kuti zimaposa za mano, chifukwa pa nthaka youma mano alibe poluma, amangokubayani kuphazi. Koma timabampu tikatha, tatha basi, palibe chosintha. Ndipo zimathera pa phula pomwepo pamene mumazikondera. Ndinaonapo mnyamata wina akuvala zake ku tchalitchi, ku ntchito ndi ku gofu, pofika Disembala kunsi kunali see ngati mbale, n'kumadabwa kuti akugweranji pa udzu wonyowa.

Chimene anthu ambiri amaiwala pokangana za mano n'chakuti nsapato ilowa madzi kapena ayi. Mitengo yotsika ya gofu nthawi zambiri imakhala pakati pa sabata, ndipo ambiri a ife timapeza mpata m'mamawa, mame asanakamuke. Nsapato yansalu, ngakhale ya dzina lalikulu, imanyowa pa dzenje loyamba, ndipo mudzayenda maola anayi masokosi akulira tchwa tchwa. Mu Juni mame amenewo amakhala chisanu choundana. Ngati ndalama ikukwana peyala imodzi yokha, ine ndingasankhe zopanda mano koma zosalowa madzi, n'kuzisunga kuti zikhale za gofu basi. Amene amasewera sabata iliyonse chaka chonse, ndipo ali ndi galimoto, agule za mano. Za FootJoy kapena Adidas zatsopano zimadutsa R2,000 mosavuta m'masitolo ngati The Pro Shop, pomwe za Inesis za ku Decathlon zimatsikirako ndipo kwa woyamba kumene zimakwana.

Nanga ma takkie wamba, othamangira aja? Pa malo ophunzirira kumenya mipira palibe amene adzakufunseni. Pa mabwalo otsegukira aliyense ngati Huddle Park anthu sakhwimitsa zinthu ngati ku makalabu a mamembala. Ku makalabu akale, ena amalola ena amafuna nsapato za gofu zenizeni, ndiye imbani foni ku pro shop dzulo lake, funso la mphindi imodzi. Zimene simungayese n'komwe ndi jombo za mpira wamiyendo, nsapato za ku ntchito zachitsulo kutsogolo zija, ndi patapata. Jombo za mpira zimaboola green kuposa misomali.

Tsopano ndinene chimene ndinaona zaka zanga zonse ndili caddie, wonyamula zikwama za osewera: anthu obwezedwa chifukwa cha nsapato ndi ochepa, ambiri amabwezedwa chifukwa cha malaya ndi buluku. Malamulo ake amafanana m'makalabu ambiri. Malaya akhale a kolala, ndipo m'malo ambiri amafuna muwapisire. Jinzi ayi, ngakhale yodula bwanji. Kabudula ndi wololedwa koma akhale wosokedwa ngati buluku, wa lamba, osati wa rugby kapena wosambira. Kapusi iyang'ane kutsogolo, ndipo polowa m'chipinda chodyera muivule. Jezi ya Flames kapena ya Bullets, ngakhale muikonde chotani, isungeni ya ku FNB Stadium. Amayi ali ndi ufulu wochulukirapo, siketi ya gofu, kabudula kapena buluku, ndipo malaya opanda manja amaloledwa kawirikawiri ngati ali ndi kolala. Pa masokosi m'pamene makalabu amasiyana kwambiri: ena akale ankaumirira oyera kapena aatali ofika m'mawondo ukavala kabudula, ambiri lero amalola afupiafupi. Oyera sanabwezetsepo munthu kulikonse, ndiye ine ndimangovala amenewo.

Apa palinso kusankha pawiri: kugula zovala za gofu zenizeni kapena kusonkhanitsa za wamba. Ine ndili kumbali yachiwiri. Palibe kalabu imene imayang'ana chizindikiro cha kampani pachifuwa. Malaya a kolala a ku Mr Price kapena a pa dunusa pomwepo, ndi buluku la khaki losita bwino, zimakulowetsani pa geti lomwelo limene alowera wovala za Puma kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Pomwe za gofu zenizeni zimapambana ndi pa thukuta. Thonje likanyowa mu Januwale limamatirira kumsana mpaka madzulo, pamene nsalu zopepuka zija zimauma muli pa halfway house, pomwe osewera kuno amaima kudya akamaliza maenje 9.

Malamulowa akufewa, koma akufewera kumwamba, kwa akatswiri. Mu Novembala 2019 kutentha kutafika poipa pa bwalo la Leopard Creek kuno ku South Africa, osewera a European Tour analoledwa koyamba kuvala makabudula pa mpikisano. Chaka chotsatira Tyrrell Hatton anapambana mpikisano ku Wentworth ku England atavala juzi ya chipewa, ndipo akuluakulu a m'makalabu anang'ung'udza kwa masabata. Erik van Rooyen wa konkuno amadziwika ndi mabuluku othina m'akakolo. Koma kunena mosabisa, membala wa zaka makumi awiri akabwera ndi juzi yotero anzake amangomuseka, pomwe mlendo, makamaka wa kalankhulidwe kathu aka, amamuitanira pambali. Sindikuti n'chilungamo. Ndikungoti tsiku loyamba pa kalabu yachilendo si tsiku loyesera malire. Amene anasewerapo ku Lilongwe Golf Club kapena ku Blantyre Sports Club sadzaona chachilendo, mwambo wake ndi womwewo wochokera kwa Angerezi.

Za mlamu wanga zija sizinali zotayika kwenikweni. Misomali ya nsapato zakale imakhala yomangira, ndipo alipo mano apulasitiki opangidwira mabowo amenewo. Mnyamata wa mu pro shop uja anatenga kasipanala kake n'kuyamba kumasula. Yambiri inatuluka bwinobwino, koma itatu ya kuchidendene inali itachita dzimbiri, inakaniratu, ndipo nthawi yoyamba masewera inali itakwana. Anatilola kuti alowe ndi ma takkie anga, aakulu ndi saizi imodzi, atavala masokosi awiri phazi lililonse. Ine ndinayenda pambuyo pake maenje onse 18 nditanyamula chikwama, nditavala nsapato zake za ku ofesi. Misomali itatu ija tinakaichotsa kunyumba Lamulungu, titaithira mafuta usiku wonse.