Zithunzi za Jack Delano za njanji ya Santa Fe: mmene ndikuzionera patapita miyezi

Pamene ndinkalemba koyamba za zithunzi izi chaka chatha, ndinayamikira kwambiri kuwala kwa zamitundu, zija Delano anajambula pa filimu ya Kodachrome. Ndakhala nazo pakhoma ndi pa kompyuta kuyambira nthawi imeneyo, ndipo zomwe ndimabwererako tsopano ndi zakuda ndi zoyera, zoonetsa nkhope za anthu ogwira ntchito.

Kwa amene sanawerenge zoyambazo: mu Malichi 1943, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati, wojambula zithunzi Jack Delano anatumidwa ndi ofesi ya boma la America yotchedwa Office of War Information kuti akwere sitima zakatundu za kampani ya Atchison, Topeka and Santa Fe kuchokera ku Chicago mpaka ku California. Anadutsa Vaughn, Belen ndi Gallup ku New Mexico, Winslow ndi Seligman ku Arizona, kenako Needles ndi Barstow m'chipululu cha Mojave. Zithunzizo zimasungidwa ku Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, ndipo aliyense angazitenge pa intaneti mwaulere.

Ndiyambe ndi za kusindikiza zithunzizi pa pepala, poti ambiri mumafunsa zimenezo. Mafayilo a zithunzizi a mtundu wa TIFF ndi aakulu ndipo amadya bandulo, koma ndi amene amatuluka bwino mukafuna chithunzi chachikulu. A JPEG amakwana pa foni basi. Ndinasindikiza zingapo pa shopu ina m'tauni muno. Zakuda ndi zoyera zikadali monga tsiku loyamba. Zamitundu zomwe ndinapachika moyang'anana ndi zenera zayamba kufwifwa, thambo labuluu lija layamba kuoneka lotuwa. Vuto ndi inki ya pa shopuyo komanso dzuwa, osati mafayilo, chifukwa china chomwe chili m'felemu ya galasi m'kanjira kamdima sichinasinthe. Pachikani pamthunzi.

Tsopano zenizeni. Ukayang'ana nthawi yaitali umayamba kufunsa kuti anthu anafikako bwanji kumalo ouma chotere, ndipo yankho lili m'zithunzi momwemo: matanki a madzi, mapaipi othirira injini, nyumba zozungulira zokonzeramo injini. Injini ya nthunzi siyenda popanda madzi, ndipo dalaivala sangayendetse usana ndi usiku osapuma. Choncho kampani inkaika siteshoni yaying'ono paliponse pofunika kuthira madzi, ndi tauni pomwe antchito ankasinthana. M'chipululu cha Mojave masiteshoni ena anangopatsidwa mayina motsatira alifabeti: Amboy, Bristol, Cadiz, Danby, Essex, Fenner, Goffs. Kumalo ena madziwo ankachita kubwera nawo pa mabogi a matanki. N'chifukwa chake Santa Fe inathamangira kuika injini za dizilo pa chigawo chimenechi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, ndipo Delano anajambula mitundu yonse iwiri ikugwira ntchito limodzi. Ndikaona munthu wa ovolosi yothimbirira ndi mafuta akutsegula mpopi pamwamba pa injini, ndimadziwa kuti ntchito yakeyo inali itatsala pang'ono kutha, mwina iye asakudziwa. Amene anakulira ku Balaka kapena ku Nkaya amvetsa mmene tauni imapumira limodzi ndi njanji.

Chithunzi chimene chandigwira mtima koposa ndi cha m'kabogi kakumapeto kwa sitima, momwe kondakitala ankakhala. Delano ankalowa mmenemo n'kuyenda nawo. Umaona mbaula, nyali, ndi mapepala a malamulo a ulendo ali m'manja mwa bambo wachikulire amene sakusamala za kamera. Manja ake ndi okhuthala, chipewa chapindika kutsogolo. Sanavale zoti ajambulidwe, ali pantchito. Delano anabadwira ku Ukraine mu 1914 n'kufika ku America ali mwana, ndipo ndikuganiza kuti ankadziwa kukhala pakati pa anthu osawasokoneza.

Pali chomwe chimandiwawa, ndipo chakula pamene miyezi ikupita. Mawu ofotokoza zithunzi kawirikawiri amatchula dzina la dalaivala kapena kondakitala, nthawi zina ndi kwawo komwe. Koma ukafika pa magulu okonza njanji, omwe ambiri anali eni nthaka a ku America ndi anthu ochokera ku Mexico, nthawi zambiri amangotchulidwa mtundu wawo ndi ntchito yawo. Ku Needles kuli chithunzi cha gulu lotere likugwira ntchito pa njanji. Needles ndi malo amene kutentha kumapitirira madigiri 45 m'chilimwe, ndipo anthu amenewa ndi amene ankanyamula zitsulo panja. Anali ndi mayina, anali ndi ana owadikira kunyumba. Sindinganene kuti Delano anachita dala, poti nkhope zawo anazijambula mwaulemu, koma mpata umenewu ulipo ndipo wogwiritsa ntchito zithunzizi ayenera kuuona.

Dziwaninso kuti Delano anali paulendo wa sitima, ndipo anamutuma kuonetsa dziko likunyamula katundu wa nkhondo. Ndiye za m'makomo, m'masukulu ndi m'misika ya matauniwa mupeza zochepa. Amene akufuna moyo wa amayi ndi ana a ku Winslow kapena Barstow afunika kufufuza kwina.

Ngakhale zili choncho, phindu lake ndi lalikulu chifukwa zambiri zomwe anajambula zinapita. Seligman, mwachitsanzo, inalambalalidwa ndi msewu waukulu wa Interstate 40 mu 1978, ndipo mu 1985 kampani inasiya kusinthira antchito ake kumeneko. Kwa mphunzitsi wa mbiri kapena aliyense wokonda za njanji, ndikulimbikitsa kuti muzitenge. Lembani dzina la Delano ndi la tauni pofufuza, yambani ndi Needles, ndipo chilichonse chomwe musindikize, musasiye mawu ake ofotokoza.