Ndemanga yanga pa kosi ya bizinesi ya nyimbo yomwe tinapanga pa Luchenza

Anzanga ambiri akhala akundifunsa pa WhatsApp kuti kodi kosi ija inali bwanji, ndalama zako sizinapite pachabe? Ndiye ndati ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha. Ine kwathu ndi pa Chitakale konkuno ku Mulanje, ndili chaka chachitatu ku koleji komwe ndikuphunzira za nyimbo, ndimaimba kiyibodi komanso ndimatsogolera kwaya. Kosiyi inali ya ma Loweruka sikisi nthawi ya holide, mu holo ina pa Luchenza, ndipo tinalipira K60,000 munthu mmodzi, tiyi ndi nkhomaliro momwemo. Tinalipo 19, ambiri ana a m'makoleji, angapo anali a ku yunivesite ya MUST ku Ndata uko komwe kuli digiri ya African Musicology, ena oimba m'makwaya a ku Bvumbwe ndi pa Thyolo boma. Ine ndikupereka nyenyezi zinayi pa zisanu, ndipo ndinena komwe yachisanuyo yatsalira.

Choyamba ndinene kuti sukulu yanga sindikuinyoza ayi, andiphunzitsa kuwerenga manotsi, mbiri ya nyimbo, kusanja mawu a kwaya, zinthu zoti sindikanazipeza pena. Koma mpaka chaka chachitatu munthu akandifunsa kuti chemwali mutchaja zingati kudzaimba pa ukwati wathu, ndinkangoti mungoona nokha zomwe mungakwanitse, kenako nkumadandaula ndekha mu minibasi pobwerera. Ndi vuto limeneli lomwe linandipititsa ku kosiyi ndipo ndi lomwe anandichotsera.

Loweruka loyamba lenilenilo mphunzitsi wake, bambo wina wachikulire yemwe waimba m'mabandi ku Blantyre zaka zambiri, sanayambe ndi malonje ataliatali. Anangoimirira pa bolodi nkuti, ukwati uli pa Limbuli, akukufunani kuyambira 1 koloko mpaka 6, aliyense alembe mtengo wake pa kapepala. Ine ndinalemba K80,000 ndipo ndinkaona ngati ndakwezadi. Anatolera timapepalato kenako anati tiyeni tiwerengere limodzi. Masipika simungakwere nawo minibasi ndiye mupanga hayala kagalimoto, kupita ndi kubwera. Jenereta ndi petulo wake chifukwa magetsi akathima pakati pa perekaniperekani aliyense ayang'ana inu osati a komiti. Wa ng'oma, wa besi, oimba kumbuyo awiri, aliyense zake. Masiku awiri oyeserera, anyamatawo akwere chani, adye chani. Kebulo ikaduka, maiki ikagwa, mugula ndi ndalama iti? Atamaliza kuwonkhetsa K80,000 yanga inali itatha kalekale ine ndisanadzipatse ngakhale ya sopo, ndipo bamboyo anatembenuka nkundiyang'ana nkuti mwanangu, apa ndiye kuti mwalipira ndinu kuti mukasangalatse anthu. Mu holo monse munangoti zii chifukwa pafupifupi tonse tinali titalemba mitengo yofanana ndi yangayo. Tsiku limeneli lokha kwa ine linakwana ndalama yonse ya kosi.

Sabata yachiwiri anatipatsa kontirakiti ya tsamba limodzi, ya m'Chichewa, ndipo ndikuwathokoza kwambiri kuti anaiika m'Chichewa chifukwa anthu omwe timagwira nawo ntchito kuno ukawapatsa chipepala cha Chingerezi amaona ngati ukufuna kuwakola. Muli tsiku, malo, nthawi yoyambira ndi yomalizira, ndani abweretsa magetsi, theka la ndalama ngati dipoziti masiku asanu ndi awiri mwambo usanachitike, yotsalayo musanalumikize zida, komanso mtengo wa ola lililonse lowonjezera. Ndinaiyesa pasanathe mwezi pa ukwati wina cha ku Likhubula. Wapampando wa komiti anali bambo oti amadziwana ndi malume anga, atangoona pepala anavula magalasi nkuti mwanangu, zamapepalazi zayamba liti, si ndife amodzi ife? Mtima unagunda koma ndinayankha momwe anatiphunzitsira, ndinati bambo pepalali likuteteza inunso, ine ndikapanda kubwera kapena ndikafika mochedwa mukhala ndi pogwira. Anakhala kaye chete, anawerenga mzere ndi mzere chala chili papepala, anasaina, madzulo omwewo dipoziti inalowa pa Mpamba. Tsiku la ukwati perekaniperekani anapitirira mpaka cha m'ma 7 koloko usiku monga mukudziwira maukwati athu, ndipo anali bambo omwewo anabwera okha ku kiyibodi kudzandiuza kuti za ola lowonjezera lija sitinaiwale. Aka kanali koyamba kuti ndilipire anyamata anga onse pompo, ine nkutsala ndi yanga yooneka.

Za COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi ntchito zina zaluso, mphunzitsi uja anafotokozanso bwino. Ambirife timangolimva dzinali pa wailesi ndalama zikamagawidwa, koma sitinkadziwa kuti bungweli lilipo kuyambira 1992, kuti lamulo lomwe likugwira ntchito pano ndi la 2016, ndiponso kuti nyimbo yako ikamaseweredwa koma sunailembetse iwo alibe podziwira kuti ndalamayo ipite kwa ndani. Anatiuzanso za ndalama ija imadulidwa pa zinthu zosungira nyimbo zikamalowa m'dziko, monga mafoni ndi ma fulashi, kuti nayonso imagawidwa kwa omwe analembetsa. Koma chomwe chinandikhudza ndi pepala logawana umwini wa nyimbo. Anati musanatuluke mu situdiyo lembani kuti mawu analemba ndani, kaimbidwe anapeka ndani, biti ndi ya ndani, aliyense gawo lake nkusaina, mudakali kusekererana. Ine ndili ndi mnzanga yemwe tinapeka naye nyimbo ya kwaya chaka choyamba, inatchuka ndithu m'matchalitchi akuno, lero sitiyankhulana bwinobwino chifukwa aliyense amati ndi yake. Pepala la mizere isanu likanatisungira chinzake chimenechi.

Ndinafunsanso za nyimbo za Tchopa zomwe agogo anga amaimba, poti ndimafuna kuzijambula ndi kiyibodi pang'ono. Anthu ambiri amangozimva ku Chonde nthawi ya Mulhako wa Alhomwe mu Okotobala, koma kwathu ndi za tsiku ndi tsiku, ndipo guleyu a UNESCO anamuika pa mndandanda wawo wa zachikhalidwe mu 2014. Bamboyo sanandinamize kuti zamakolo ndi zaulere ungotola, anati lamulo lili ndi gawo lake pa nyimbo zamakolo ndiye ndikafunse kaye ku COSOMA ndisanagulitse kanthu, komanso amayi omwe ndikajambule nawo ndiwatchule mayina ndi kuwalipira ngati oimba ena onse. Yankho limeneli ndinalikonda.

Tsopano komwe nyenyezi yatsalira. Loweruka lachinayi kunabwera mnyamata wina wa m'tauni kudzatiphunzitsa zogulitsa nyimbo pa intaneti, ndipo kunena zoona tsiku limeneli linapita pachabe. Anafika mochedwa ndi maola awiri, zonse anali atakonza m'Chingerezi, zitsanzo zake zonse za oimba akunja. Inde Spotify, malo omvererapo nyimbo pa intaneti, inafika kuno ku Malawi mu 2021, palibe akutsutsa, koma iye ankayankhula ngati ukangoika nyimbo ndalama ziyamba kugwa. Anachita kumufunsa mtsikana wina wa ku MUST kuti nanga bwanji simukunena kuti kuyambira 2024 nyimbo yomwe sinamvedwe ka 1,000 pa miyezi 12 salipira kalikonse, ndi pomwe anavomera. Ndipo makampani omwe amakuikira nyimbo pa malo amenewa amafuna madola kudzera pa khadi la ku banki, ife ana asukulu khadi lotere tilitenga kuti, ndi mmene ndalama zakunja zikusowera, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo chilichonse cha madola chinakwera nthawi yomweyo. Anthu omwe amamvera nyimbo zanga ndi amayi othyola tiyi, a kabaza, achinyamata a kutchalitchi, amazipeza pa WhatsApp kapena amakaikitsa mu memore khadi pa msika, bandulo yomvera nyimbo tsiku lonse alibe. Ndinkafuna wina andiuze kuti anthu amenewa, omwe amandikonda kale, ndingapeze nawo bwanji ndalama mwachilungamo, koma funsoli silinayankhidwe.

China chomwe chinasowa ndi kuphunzitsa ena ngati bizinesi. Tinene zoona, ambiri mwa ife tikamaliza sukulu sitidzakhala pa siteji ya Sand Music Festival, tidzadya za kuphunzitsa ana kiyibodi, kukonzekeretsa makwaya mipikisano, kuimbira mipingo. Izi anangozitchula podutsa mphindi khumi basi. Ine ndayamba ndekha ndi ana atatu Lachitatu lililonse madzulo, mtengo ndinawerengera pogwiritsa ntchito njira ya pa bolodi ija, koma za momwe ungagwirizanirane ndi makolo, mwana akajomba alipira kapena ayi, ndikungophunzira ndikulakwitsa. Komanso atsikana tinalipo anayi okha pa anthu 19 ndipo aphunzitsi onse anali amuna. Pali zinthu zomwe timakumana nazo ife, kubwerera usiku kuchokera ku phwando, mwini mwambo yemwe akufuna ukatenge ndalama yotsala kuchipinda kwake wekha, ndipo ndikanakonda pakanakhala mayi woimba woti atiuze momwe iye amachitira. Ndinawauza okonza kosi pamaso ndipo analemba, tiona ngati asinthe.

Zina zing'onozing'ono, chakudya chinali bwino, holo yoyera, satifiketi anatipatsa tsiku lomaliza lomwelo osati zodikira miyezi. Zolembetsa bizinesi ndi kutenga TPIN, nambala yolipirira msonkho, ku MRA anafotokoza mwachidule koma momveka, ine sindinafikeko panobe. Gulu la pa WhatsApp lomwe anatsegula likugwirabe ntchito, sabata yathayi ndinatumiza funso usiku la mpingo wina womwe ukufuna ndiwajambulire nyimbo zisanu, pofika m'mawa mphunzitsi wachikulire uja anali atayankha ndi mawu, mphindi zinayi zathunthu, kundiuza zoti ndiike mu mgwirizano.

Ndiye ngati uli ku koleji ukuphunzira nyimbo, kapena wamaliza koma ukuimbabe maukwati nkumabwerako ndi ya thiransipoti yokha, pita ukapange, K60,000 ija ine inabwerera pa ukwati wa ku Likhubula umodzi womwe uja. Ngati ukufuna za pa intaneti zokhazokha usavutike, sunga ndalama yako mpaka atapeza mphunzitsi wodziwa mmene zinthu zilili kuno. Popita utenge kabuku ndipo ulemberetu mitengo yeniyeni ya kwanu, hayala ya galimoto, ya jenereta, ya masipika, zomwe umawapatsa anyamata ako, chifukwa tsiku loyamba lomwelo akufunsa, ndipo omwe anabwera opanda manambala anathera theka la m'mawa akuimba mafoni panja.