Vinyo wa banja laling'ono ndi wa kampani yaikulu: uti woyenera kugula?

Anzanga akhala akundifunsa chifukwa chimene ndimaitanitsirabe vinyo kumunda wina waung'ono wa mphesa, umene amauyendetsa bambo, mayi ndi mwana wawo wamkazi, pamene vinyo wa makampani akuluakulu amapezeka mosavuta. Amene amafunsa kwambiri ndi omwe anandimva ndikudandaula za katoni imene inandipeza itawonongeka.

Pa mtengo, kampani yaikulu ndiyo imapambana. Imapambananso pa kusasintha kwa kakomedwe, chifukwa imasakaniza mphesa za m'minda yambirimbiri, kotero kuti botolo la chaka chino silisiyana ndi la chaka chatha. Banja la munda umodzi lilibe kothawira. Chisanu chikawamba mphukira zitangotuluka, monga zinachitikira ku France mu Epulo 2021, zokolola zimachepa ndipo vinyo wa chaka chimenecho amakoma mwamtundu wakewake. Ena amaona ngati limeneli ndi vuto, koma ine ndi chimene ndimalipirira, popeza chaka cholembedwa pabotolo chimakhala ndi tanthauzo. Mawu akuti "banja" okha asakukopeni, chifukwa kampani ya E. & J. Gallo, imene inayamba mu 1933 ku California, ndi ya banja ndithu, koma ili m'gulu la makampani aakulu kwambiri a vinyo padziko lonse.

Vinyo wofiira wa banjali amakhwimira m'migolo yamatabwa ya malita 225, ndipo mgolo umodzi umadzaza mabotolo 300 okha. Opanga vinyo wotsika mtengo nthawi zambiri amangoviika tizibenthu ta mtengo m'matanki achitsulo kuti fungo lilowe msanga. Fungo limalowadi, koma kuthethetsa lilime kumene kumakhala mu vinyo wofiira watsopano kumafewa bwino mumgolo, mmene mpweya umalowa pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri.

Chimene chinandipweteka ndi katumizidwe. Ndinaitanitsa kubanjali mabotolo 12 a vinyo wofiira, ndipo nditatsala pang'ono kumaliza kulipira m'pamene panatulukira ndalama yotumizira, yofanana ndi mtengo wa mabotolo ena atatu, imene sanaitchule paliponse poyamba. Ndinalipira ndikuganiza kuti ndalama yotereyi ikutanthauza galimoto yoziziritsa katundu. Katoniyo inayenda masiku 9 m'nyengo yotentha, m'galimoto wamba. Nditaitsegula ndinapeza zitsekerero za mabotolo asanu zitatukuka, vinyo atadontha n'kuumira m'khosi mwa botolo, mapepala a dzina atathimbirira ndiponso akunanda m'manja. Vinyo amafuna malo a madigiri 12 mpaka 15, ndipo akatenthedwa amafufuma n'kukankha chitsekerero, mpweya n'kulowa. Nditathira m'tambula, kufiira kwake kunali kutazilala, ndipo kakomedwe kanali ka zipatso zopsereza pamoto. Vinyo amene anthu atatu anamusamalira kwa zaka ziwiri anawonongeka m'masiku ochepa a ulendo.

Apa kampani yaikulu ili bwino, ndipo sindingabise. Botolo umalitenga m'sitolo ndi dzanja lako, umaliyang'ana usanalipire, ndipo ambiri amakhala ndi chivindikiro chachitsulo chopotokola, chimene sichibweretsa fungo la katoni yonyowa lomwe chitsekerero cha khungwa chimayambitsa nthawi zina.

Nditadandaula, anandiyankha ndi mayi mwini munda. Sanakane mlandu, ananena kuti analakwitsa kutumiza katundu m'nyengo imeneyo, ndipo ananditumizira mabotolo ena asanu nyengo itazizira. Ndalama yotumizira anandilipitsanso, ndipo zimenezi zimandiwawabe mpaka lero, chifukwa cholakwa sichinali changa. Koma mabotolo amenewo atafika ndinamva vinyo amene ndinkamufuna, wonunkhira zipatso zakupsa bwino, wosalala pakhosi, amene fungo lake limakhalitsa m'kamwa utameza.

Amene akufuna vinyo wa anthu ambiri, kapena wongomwa osaganizira zambiri, agule wa kampani yaikulu ndipo sadzanong'oneza bondo. Ine wofiira ndimagulabe kubanja lija, koma ndimaitanitsa m'miyezi yozizira yokha, ndipo ndisanasankhe botolo lililonse ndimayamba ndawauza kuti andilembere ndalama yotumizira, mtundu wa galimoto ndi masiku amene katoniyo ikhale panjira.