Thumba limodzi la zaumoyo m'dziko lopeka: nthawi imodzi kapena chigawo ndi chigawo?

Mwapeka dziko, kaya la m'nkhani kapena la m'kalasi, ndipo mukufuna kuti boma lokha lizilipira madokotala ndi zipatala kuchokera m'thumba limodzi. Poyambira pali njira ziwiri.

Yoyamba ndi ya Taiwan: mu 1995 anaphatikiza inshuwalansi ya antchito, ya alimi ndi ya ogwira ntchito m'boma n'kukhala imodzi. Yachiwiri ndi ya Canada: chigawo cha Saskatchewan chinayamba kulipirira anthu kwa dokotala mu 1962, zigawo zina n'kumatsatira mpaka 1972.

Ndalama: nthawi imodzi imafuna chuma chambiri pa tsiku loyamba. Pang'onopang'ono mtolo umapepuka, koma mumayendetsa dongosolo lakale ndi latsopano pamodzi kwa zaka.

Otsutsa: apa ndiye pagona nkhani. Kufulumira kumawapeza makampani a inshuwalansi asanakonzeke. Kuchedwa kumawapatsa mpata wosonkhana, ndipo musaganize kuti kuyamba ndi dera laling'ono n'kopanda phokoso: madokotala a ku Saskatchewan ananyanyala ntchito masiku 23.

Zolakwika: mukalakwitsa mitengo yolipirira zipatala m'chigawo chimodzi, mumakonza. Mukalakwitsa dziko lonse, mizere ya odwala imatalika paliponse.

Dziko lanu likakhala laling'ono, boma lapakati lili ndi mphamvu ndiponso limatolera bwino msonkho, tsatirani Taiwan. Likakhala lalikulu, zigawo zodzilamulira, madokotala ochepa kumidzi, ine ndingayambe ndi chigawo chimodzi. Kwa wolemba nkhani, njira yachiwiriyi ilinso ndi mikangano yochuluka yoti alembe.